Chifukwa chake Armstrong sankagwidwa poyezedwa

Achimwene, mwafunsa kuti ngati Lance Armstrong, katswiri wopalasa njinga wa ku America, ankagwiritsadi ntchito mankhwala oletsedwa, zinatheka bwanji kuyezedwa kambirimbiri osagwidwa, ndiponso ngati kuyezako kuli ndi phindu.

Nkhani yagona pa EPO, mankhwala ochulukitsa maselo ofiira a magazi kuti mpweya uzifika wambiri m'minofu. Pamene Armstrong ankapambana koyamba mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1999, njira yoyezera EPO kunalibe, inadzabwera mu 2000. Itabwera, opalasa njinga anasintha machenjera. Ankabaya tochepatochepa usiku kuti kukamacha asaoneke mumkodzo, kapena ankadzichotsa magazi, kuwasunga mufiriji, n'kudzawabwezera mpikisano uli mkati. Nanga magazi a mwini wake mungawagwire bwanji? Amene anamugwetsa Armstrong makamaka ndi anzake a m'timu omwe anapereka umboni ku USADA, bungwe la ku America lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, ndipo mu 2012 analandidwa zipambano zake zonse 7 za Tour de France.

Komabe kuyeza si kwachabe ayi. Kuyambira 2008, bungwe la UCI, loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, limasunga mbiri ya magazi a wopalasa aliyense wa m'matimu akuluakulu, moti akasintha mosadziwika bwino, munthu amalangidwa ngakhale mankhwalawo asanapezeke. Wopalasa amayeneranso kunena komwe adzapezeke kwa ola limodzi tsiku lililonse, ndipo akasowa katatu m'miyezi 12 ndi mlandu. Chimene chimandilimbitsa mtima ine, poganizira anyamata oona mtima omwe ankaberedwa thukuta lawo, n'chakuti mkodzo ndi magazi zikhoza kusungidwa zaka 10 n'kudzayezedwanso njira zatsopano zikapezeka.