Mwana akutola maluwa a pachitenje: kodi maso ake ali bwino?

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, wanditumizira imelo. Akuti mwana wake wa miyezi 9 amakanda maluwa a pachitenje ngati akufuna kuwathyola, ndipo agogo ake kumudzi, ataona kavidiyo pa WhatsApp, ada nkhawa kuti mwina mwanayo saona bwino.

Mayi, mtima m'malo. Auzeni agogo kuti mdzukulu wawo akuona bwino moti wazindikira kuti ndi duwa. Chimene chatsala n'kudziwa kuti chojambula sichitoleka. Mu 1998, katswiri wofufuza za kakulidwe ka ana, Judy DeLoache, ndi anzake anapeza kuti ana a msinkhu umenewu amayesa kugwira zinthu za m'zithunzi, koma akamafika miyezi 19 amangoziloza ndi chala.

Khanda likangobadwa limaona bwino pafupi pokha, masentimita 20 mpaka 30, pamene pamakhala nkhope yanu poyamwitsa. Kutali konse ndi mbuu. Chakumiyezi 4, maso awiri amayamba kugwirizana. Diso lililonse limaona chinthu mosiyanako pang'ono ndi linzake, ndipo ubongo ukaphatikiza zithunzi ziwirizo, mwana amayamba kuona kuti kapu ndi yobulungira, ili ndi kumbuyo, ili patsogolo pa khoma. N'chifukwa chake nthawi imeneyi m'pamene amayamba kutambasula dzanja molunjika.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kafukufuku wa Philip Kellman ndi Elizabeth Spelke wa mu 1983. Anaonetsa makanda a miyezi 4 ndodo imene pakati pake panabisika kuseri kwa bokosi. Nsonga ziwirizo zikamayenda limodzi, makandawo ankaitenga kuti ndi ndodo imodzi. Zikangoima, sankaitenga choncho. Ndiye kuti kwa khanda, zoyendera limodzi n'chinthu chimodzi.

Ndikudziwa kuti ambirife kuno ku Joni tikukhala m'chipinda chimodzi, ndipo foni imatontholetsa mwana msanga. Komatu galasi la foni ndi lafulati, lilibe kumbuyo. M'patseni mthiko, kapu yapulasitiki kapena lalanje, azitembenuza, aziluma, azigwetsa pansi.

Zofunika kuthamangira nazo kuchipatala ndi zina. Diso limodzi likamapotokera m'kati kapena kumbali nthawi zonse mwana atapitirira miyezi 4, kanenani kusikelo, mutatenga kabuku ka Road to Health. Kadontho kakuda ka pakati pa diso kakamaoneka koyera, makamaka pa chithunzi chojambulidwa ndi flash, musadikire tsiku la sikelo. Achipatala akaona kuti m'pofunika, angakutumizeni ku chipatala cha maso cha St John Eye Hospital, ku Baragwanath.