Walanti ya njinga siwoloka Songwe

Achimwene, mwandifunsa zinthu ziwiri: mmene geni yobweretsa njinga zamoto kuchokera ku Tanzania imayendera, komanso ngati ndi nzeru kulipira ndalama yapadera ya walanti yowonjezera imene mwini shopu wa ku Dar es Salaam wakulonjezani kuti idzakutetezani injini ikavuta. Funso loyambalo ndidutsapo msanga, chifukwa zambiri mukaziona nokha pamsewu. Pa lachiwirilo ndikhalitsa, pakuti mpamba wanga unatsala pang'ono kuthera pamenepo.

Mumanyamuka mu Mzuzu muno m'mamawa, kutsata M1, kudutsa Ekwendeni, kutsetsereka Chiweta, kufika Karonga, kenako Songwe. Mukawoloka mlatho muli pa Kasumulu, ndipo wotchi muikankhe ndi ola limodzi chifukwa anzathuwa ali patsogolo; ndaonapo anthu basi itawasiya chifukwa cha ola limeneli. Wa mpamba wochepa amathera pa Kyela kapena ku Mbeya. Wofuna mtengo wotsika ndi mitundu yambiri amapirira tsiku lathunthu pa basi mpaka ku Kariakoo, dera la malonda la mu Dar es Salaam. Zimene akabaza amafunsa ndi zodziwika kale: Boxer ndi TVS za ku India, ndi za ku China monga Kinglion ndi SanLG. Zambiri zimabwera m'makatoni, tayala lakutsogolo ndi chiwongolero zili padera, ndiye pamafunika makaniko wozimanga. Pobwerera, pa Songwe mupeze ajenti woombola katundu kuti a MRA awerengere msonkho. Wina asakunamizeni kuti poti mwagula kwa aneba ndiye msonkho utsika. Njinga yopangidwa ku India kapena ku China si katundu wa m'chigawo chathu chino. Mapepala a MRA muwasunge ngati diso, popeza popanda amenewo wogula sakalembetsa njinga ku Road Traffic. Pa mtengo, muziwerengera ndalama imene mudzagulire njinga ina, osati imene munagulira iyi. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, anzathu ena anagulitsa katundu yense n'kupeza kuti ndalama ili m'manja siyikubweza ngakhale katundu yemweyo.

Tsopano za walanti. Ulendo wina ndinaoda njinga zisanu ndi imodzi za mtundu umodzi, manambala a chasisi otsatana. Dzina la mtunduwo ndilisunga, ndipo musaganizire imene ndatchula ija. Mwini shopu anandiuza kuti ndikawonjezera kangachepe pa njinga iliyonse, walanti ya miyezi isanu ndi umodzi ifika chaka. Anandipatsa pepala la chidindo chofiirira, ine mtima unakhala pansi. Ndinafika nalo kuno ndikulionetsa kwa ogula monyadira, ndipo linandithandizadi kugulitsa msanga: zinayi anatenga anyamata a kabaza a ku Chibavi ndi ku Luwinga, imodzi mphunzitsi, ina mlimi wa fodya wa ku Rumphi.

Mwezi wachitatu usanathe, yoyamba inabwerera. Ikalizidwa m'mawa injini ili yozizira inkamveka tcheketcheke chakumutu. Makaniko wanga atatsegula anapeza kuti vuto ndi tenshona, kachitsulo kamene kamakoka tcheni cha taimingi kuti chikhale cholimba. Apa mumvetse bwino, chifukwa njinga zing'onozing'onozi zili ndi injini za mitundu iwiri. Zimene amakaniko amati CG zimatsegula mavalavu ndi tindodo, zilibe tcheni chimenechi. Zimene amati CB zili ndi tcheni chochoka pansi pa injini kukafika kumutu. Tenshona ikafooka tcheni chimakhwepa, chimayamba kumenya m'mbali, ndipo tsiku lina chimalumpha dzino. Chikalumpha, valavu imatseguka nthawi yolakwika n'kukumana ndi pisitoni. Kachitsulo kotsika mtengo kaja kamapha mutu wonse wa injini.

Yachiwiri inabwera ndi phokoso lomwelo. Yachitatu sinabwere yokha, inabwera pa lole, itazimira pa chitunda cha msewu wa ku Nkhata Bay, mavalavu atapindika. Apa ndinadziwa kuti si tsoka la munthu mmodzi ayi.

Ndinakwera basi kubwerera ku Dar es Salaam ndi pepala langa lija. Zimene ndinayankhidwa ndikuuzani monga zinalili, kuti mudzazizindikire zikadzakugwerani. Poyamba anati njingazo ndibwere nazo kuti fundi wawo, ndiye kuti makaniko, azione. Taganizani: njinga yoomboledwa kale, yolembetsedwa kale kuno, muinyamule kuwolokanso nayo malire, kupita ndi kubwera. Ndalama ya ulendowo yokha ikuposa mtengo wokonzetsa. Nditakana, anafunsa kabuku ka sevisi kuti aone zidindo za galaja yawo. Galaja yawo ili ku Dar, njinga ili ku Chibavi, chidindocho chichokera kuti? Kenako anati makaniko wakunja anatsegula injini, choncho walanti inatha pomwepo. Anawonjezera kuti akabaza amanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga, ndiponso kuti tcheni ndi chinthu chotha ndi ntchito monga mabuleki, pulagi ndi matayala, zimene walanti siyikhudza. Pomaliza anandilozera mzere wa zilembo zing'onozing'ono pansi pa pepala: lonjezolo limagwira ntchito m'dziko la Tanzania mokha. Mzere umenewu unalipo tsiku limene ankalandira ndalama yanga, ndipo ankadziwa kuti ndine Mmalawi, pakuti ndi iyeyo anandipezera galimoto yonyamula katundu mpaka pa Kasumulu.

Chimene chinandipweteka koposa ndinachipeza panja pa shopu. Ndinakhala pansi ndi mafundi omanga njinga zamoto m'mbali mwa msewu, n'kuwaonetsa kanema wa phokoso lija pa foni. Sanadikire kuti athe. Mmodzi anakoka chitini chodzaza ndi matenshona akale amene anachotsa pa njinga za gulu lomwelo, ndipo anandiuza kuti shopu yomweyo ikugulitsa ina yolimbirapo yolowa m'malo mwake. Ndiye kuti vutoli linkadziwika ine ndisanagule. Kumayiko ena, wopanga akazindikira chilema chotere amaitanitsa njinga zonse za gululo potsata nambala ya chasisi, n'kuzikonza ulere. Katundu wodutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi asanafike ku Mzuzu, palibe amene amadziwa kuti njingayo ili ndi yani, ndipo palibe amene adzakuimbireni.

Ndinazindikiranso mochedwa kuti pepala lija silinali la fakitale. Walanti ya wopanga imayenda kudzera mwa ajenti wake wovomerezeka m'dziko limene njingayo inatumizidwa. Yowonjezerayi linali lonjezo la shopu chabe, ndipo mphamvu yake inali mtima wa mwini shopuyo. Atandiona kuti sindikuchoka, komanso kuti ndabwera ndi amalonda anzanga awiri amene amaoda pomwepo, anandipatsa matenshona asanu ndi imodzi ndi matcheni awiri. Za mutu wa injini yofa ija anakaniratu. Anapereka poopa kutaya makasitomala atatu. Pepalalo sanaliyang'anenso n'komwe.

Kuno kumudzi nkhani inali ina. Wogula sadziwa Kariakoo, amadziwa inu. Malamulo nawonso amaona chimodzimodzi: lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo, ndipo a Competition and Fair Trading Commission salola kuti wamalonda azithawa udindo pa katundu wachilema pongolemba kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Wodandaula akapita kumeneko kapena kubwalo la majisitireti, woitanidwa ndinu. Koma ine sindinadikire zimenezo. Mnyamata wa njinga yofa ija anaigula ndi ngongole ya banki m'khonde imene anatenga mayi ake, ndipo sabata iliyonse njinga ili chiimire ngongoleyo inkakula. Mayiwo anabwera okha pa shopu, sanakalipe, anangokhala pa benchi n'kundifunsa kuti, "Nanga titani, bambo?" Ndinagula mavalavu, pisitoni ndi gasiketi ndi ndalama yanga, ndinalipira makaniko, ndipo zina zisanuzo ndinaziitanitsa n'kusintha matenshona zisanafike poipa. Phindu la ulendo wonsewo linathera pamenepo. Sindidandaula nazo, chifukwa pepala lija ndine ndinawaonetsa.

Choncho ndalama imene akukuuzaniyo musalipire. Mukafika, musanalowe m'shopu, yambani mwacheza ndi mafundi a panja, muwagulire tiyi, muwafunse kuti mtundu umene mukufunawo ukubwera ndi matenda anji chaka chino. Iwo sagulitsa njinga, alibe chobisa. Mtundu umene simunaugulitsepo, tengani ziwiri zokha muone mmene zichitire miyezi itatu m'misewu yathu ya fumbi ndi matope. Musathire mpamba wonse pa gulu limodzi monga ndinachitira ine. Lisiti likhale la makina, lija amati EFD, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini zilembedwe penapake posainidwa, muzijambulenso pa foni. Ndiye ndalama ya walanti ija muisandutse masipeya: muuzeni mwini shopu kuti pa njinga iliyonse akuikireni tenshona, CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi) ndi rekitifaya (kachipangizo kochajitsa batire). Zimenezi zimakwana m'chikwama ndipo zimawoloka nanu.

Kwa ogula anga tsopano ndimalemba lonjezo langalanga, m'Chichewa, pa pepala limodzi. Miyezi itatu, injini ndi giyabokosi zokha. Oilo woyamba asinthidwe pa makilomita 500 kwa makaniko amene ndamutchula, ndipo iye amalemba tsiku ndi makilomita m'kope. Phokoso lachilendo likamveka, njinga iime, abwere nayo tsiku lomwelo. Ndimawawerengera mokweza asanasaine, ndipo zimene sindilipira ndimazitchula poyera. Pa njinga iliyonse ndimapatula kandalama kosakhudza, kodikira tsiku lotere, ndipo mtengo wanga umakwererako pang'ono chifukwa cha chimenechi. Ena amathawira kwa otchipa, ambiri amabwerera. Munthu akandiuza kuti akufuna walanti yeniyeni ya fakitale ya nthawi yaitali, ndimamuuza mosabisa kuti akagule kwa ajenti wovomerezeka wa kuno ku Malawi, ngakhale kuti ine ndataya kasitomala.

Musanapite, mudzere ku shopu Loweruka. Tenshona yakale ija ndinaisunga pamodzi ndi valavu yopindika, ndipo makaniko wanga akakuonetsani pa injini yotsegula pamene imakhala, kuti phokosolo mukalimva ku Kariakoo mulidziwe.