Injini ya Suzuki SJ413 imene inamwa madzi: kodi ingakonzedwe pakhomo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Ntchisi, amene ali ndi galimoto ya Suzuki SJ413 yomwe amayendera kumunda ndi kunyamulira mbewu. Iwo alemba kuti m'nyengo ya mvula yapitayi anawoloka mtsinje wosefukira, galimoto inazima pakati pa madzi, ndipo anayesa kuiliza kangapo anthu asanaikankhire kumtunda. Atachotsa mapulagi ndi kuwaumitsa injini inalira, koma kuyambira tsikulo ikugogoda pansi, ikunjenjemera, ikulephera chitunda, ndipo oyilo wasanduka wotuwa. Akufunsa ngati angathe kuichita ovaholo (kumasula injini yonse, kuikonza ndi kuimanganso) okha pakhomo, popeza masipanala ali nawo ndipo anamasulapo injini ya njinga yamoto, kapena ngati kuli bwino kungogula injini ina yakale.

Bambo, ntchitoyi mungathe kuigwira pakhomo, koma osati yonse, ndipo ndikupemphani kuti musagule sipeya ngakhale imodzi musanamasule injiniyo ndi kuyeza zam'kati mwake. Anthu ambiri amataya ndalama chifukwa amayambira kusitolo, n'kugula maring'i, mabeyaring'i ndi gasiketi za muyezo umene injini inatulukira nawo kufakitale, kenaka n'kupeza kuti masilinda kapena crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguliza) zinadyeka ndipo zikufuna muyezo wina.

Tiyambe ndi chimene chinachitika mumtsinjemo, chifukwa ndicho chikuuzeni poyenera kuyang'ana. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo, ndipo mpweya umalola kupanikizidwa. Madzi salola. Akalowa kudzera ku sefa ya mpweya ndi kabureta n'kudzaza pamwamba pa pisitoni, pisitoniyo imaima mwadzidzidzi pamene crankshaft ikuzungulirabe, ndipo chimene chimagonja nthawi zambiri ndi konirodi, chitsulo cholumikiza ziwirizi. Imapindika pang'ono, mwina mosaoneka ndi maso, ndipo kuyambira pamenepo pisitoni siifikanso pamwamba penipeni, imakhula khoma la silinda mopendama, ndipo beyaring'i yake imadyeka mbali imodzi. Kuliza injini ili m'madzi kumawonjezera vutoli, pakuti sitata imakankhira pisitoni pamadzi omwewo. Choyenera pa nthawi yotere n'kuikokera kumtunda, kuchotsa mapulagi onse anayi, kupukusa injini kuti madzi atuluke pa mabowo a mapulagiwo, ndi kusintha oyilo ndi sefa yake musanailize. Oyilo wotuwayo akusonyeza kuti madzi anafika mu sampu, beseni la pansi pa injini losungira oyilo, ndipo ngati mwakhala mukuyenda naye, mabeyaring'i onse akhala akuzungulira pa madzi m'malo mwa mafuta. Lekani kuiliza galimotoyo kuyambira lero, chifukwa konirodi yopindika ikathyoka imaboola buloko, thunthu la injini lokhala ndi masilinda, ndipo pamenepo za ovaholo zimakhala zatha.

Mwayi wanu ndi wakuti injini imene muli nayo ndi imodzi mwa zosavuta kuphunzirirapo. SJ413 inayamba kupangidwa mu 1984, ndipo injini yake, yotchedwa G13A, ndi ya 1324 cc, ya masilinda anayi, mavavu asanu ndi atatu, camshaft (chitsulo chotsegula mavavu) imodzi yoyendetsedwa ndi lamba wa taiming'i, ndi kabureta. Ilibe kompyuta. Zina za m'zaka za pambuyo pake zili ndi G13BA ya 1298 cc, choncho werengani nambala yodindidwa pa buloko musanafunse mtengo wa chilichonse, ndipo musaisokoneze ndi ya SJ410, imene ndi F10A ya 970 cc ndipo masipeya ake ndi ena. Buloko ndi hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda) zonse ndi za aluminiyamu, n'chifukwa chake injiniyi ndi yopepuka moti ndi tcheni yokwezera katundu wolemera yomangirira pa mtanda wolimba anthu awiri amaitulutsa bwinobwino. Koma aluminiyamu yomweyo ndi yofewa: mazinga ake amapululuka msanga mukamanga bauti mopyola muyezo, ndipo hedi imapindika injini ikatentha kwambiri.

Musanamasule kanthu, bwerekani geji ya compression, yoyezera mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, ndipo muyeze silinda iliyonse mapulagi onse atachotsedwa, batire lili lodzaza, phazi lili pansi pa akiseleta. Buku la Suzuki limati injini yabwino imapereka pafupifupi 14 kg/cm², malire a pansi ndi 12, ndipo masilinda asasiyane kuposa 1. Silinda imene yatsika kwambiri muithire kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera ndiye kuti vuto lili ku maring'i, ikapanda kusintha ganizirani za mavavu, gasiketi kapena konirodi yomwe ija. Lembani manambalawa papepala.

Pomasula, chinthu chachikulu ndi dongosolo. Jambulani ndi foni paipi iliyonse yopita ku kabureta ndi waya uliwonse musanauchotse, chifukwa timapaipi ta pa kabureta iyi n'tambiri ndipo pakatha masabata atatu simudzakumbukira. Mabauti khumi a hedi muwamasule pang'onopang'ono kuyambira kumapeto kulowera pakati, injini itazizira. Makapu a makonirodi ndi a mabeyaring'i akuluakulu muwalembe manambala ndipo lililonse libwerere pamalo pake, loyang'ana kumene linkayang'ana, pakuti anagayidwa pamodzi ndi anzawo kufakitale ndipo sasinthanitsidwa. Mavavu muwabaye pa katoni motsatana. Ngati mudzagona pansi pa galimoto, ikhale pa masitandi achitsulo kapena zipika zolimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Hedi ikachoka, musathamangire kutulutsa mapisitoni, chifukwa apa ndi pamene mungagwire konirodi yopindika popanda chida chodula. Mu injini ya masilinda anayi, pisitoni yoyamba ndi yachinayi zimakwera pamodzi, yachiwiri ndi yachitatu zimakweranso pamodzi. Palani mwaye pamwamba pa mapisitoni, zungulizani crankshaft ndi sipanala mpaka yoyamba ndi yachinayi zifike pamwamba penipeni, gonekani lula yachitsulo yowongoka pamwamba pa buloko, ndipo lowetsani feeler gauge (timapepala tachitsulo toyezera mipata) pakati pa lulayo ndi pisitoni iliyonse. Chitani chimodzimodzi ndi ziwiri zapakatizo. Pisitoni imene yatsalira pansi kuposa zinzake ndiyo ili ndi konirodi yopindika. Kawirikawiri mukaitulutsa mudzapeza zizindikiro zokhulika mopingasa m'mbali mwake. Konirodi yotere isawongoledwe ndi hamala, ngakhale wina akulonjezeni kuti amadziwa kutero. Chitsulocho chinafooka kale, ndipo yofunika ndi ina yowongoka ya injini ya mtundu womwewo.

Tsopano tifike pa gawo limene si la pakhomo. Buloko, crankshaft, hedi, mapisitoni ndi makonirodi onse anayi muzitsuke ndi parafini n'kupita nazo kwa amisiri a makina ogaya zitsulo za injini, amene amapezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo kwa inu Lilongwe ndiye pafupi. Iwo ali ndi micrometer, chida choyezera kunenepa kwa zitsulo mosaphonya, ndi geji yoyezera m'mimba mwa silinda, ndipo adzakuuzani ngati masilinda akungofuna kupalidwa pang'ono kuti maring'i atsopano agwire, kapena akufuna kukulitsidwa kuti alandire mapisitoni okulirapo ndi 0.25 mm kapena 0.50 mm. Adzayeza crankshaft ngati ili yowongoka ndiponso ngati ikufunika kugayidwa, ndipo ikagayidwa mabeyaring'i ake amakhala a muyezo wina. Hedi siyenera kupindika kuposa 0.05 mm, ikapyola pamenepo amaisikima, ndiko kuti amaipala ndi makina kuti iwongoke. Apempheninso kuti aiyeze ngati ilibe mng'alu, chifukwa chitsulo chotentha chikamizidwa m'madzi ozizira mwadzidzidzi chimatha kung'aluka, komanso kuti akusinthireni pisitoni pa konirodi yatsopano, popeza pini yake imafuna pulesi. Manambala onse akulembereni, ndipo pepala limenelo ndilo mupite nalo kogula masipeya.

Pa masipeya ndili ndi maganizo amene ena sagwirizana nawo. Konirodi, sampu, manifodi ndi mabauti wamba mungathe kugula zakale kwa ogulitsa a ku Biwi kapena ku Ndirande, bola ziyezedwe. Koma maring'i, mabeyaring'i, gasiketi ya hedi, masilo a oyilo, lamba wa taiming'i ndi tenshonala yake zikhale zatsopano ndi za kampani yodziwika, ngakhale mudikire mwezi kuti zibwere kuchokera ku Johannesburg. Gasiketi yotchipa ikapsa mudzagwiranso ntchito yomweyi kachiwiri. Pampu ya oyilo muitsegule n'kuiyang'ana, chifukwa madzi a mumtsinje amabwera ndi mchenga.

Mdani wamkulu wa ovaholo ya pakhomo kwathu kuno ndi fumbi. Mpata wa pakati pa beyaring'i ya konirodi ndi crankshaft umakhala pafupifupi 0.03 mpaka 0.05 mm, wocheperapo kusiyana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kamchenga kamodzi kakalowamo kamalemba mzere umene sudzafufutika. Musamangire injini pabwalo pansi pa mtengo. Sankhani chipinda chokhala ndi simenti, mukolope, muyale makatoni oyera, ndipo mukaweruka muphimbe zonse ndi pulasitiki. Buloko ikabwera kuchokera kwa amisiri musakhulupirire kuti ndi yoyera. Tsukani masilinda ndi madzi otentha a sopo ndi burashi mpaka nsalu yoyera ikapukuta isade, umitsani, pakani oyilo nthawi yomweyo kuti dzimbiri lisagwire, ndipo pemererani mpweya m'timabowo tonse todutsa oyilo, makamaka ta mu crankshaft.

Torque wrench, sipanala yomangira bauti pa muyezo wake weniweni, ndi chida chimene simungachilumphe, ndipo ngati mulibe bwerekani. Mpata wa mabeyaring'i mungautsimikize ndi Plastigauge, kaulusi ka pulasitiki kamene mumagoneka pa crankshaft youma, n'kumanga kapu pa muyezo wake osazunguliza kanthu, kenaka n'kumasula ndi kuyerekeza kuphwatalala kwake ndi mizere ya pa pepala lake. Mukamanga kapu iliyonse zungulizani crankshaft ndi dzanja, ndipo ikauma pamenepo imani mufufuze, musapitirize poganiza kuti idzamasuka ikalira. Ring'i iliyonse muiyambe mwailowetsa yokha m'silinda n'kuyeza mpata wa pakamwa pake, ndipo pomanga pakamwa pa maring'i pasayang'ane mbali imodzi. Muvi wa pamutu pa pisitoni uloze kutsogolo kwa injini. Mabowo a mabauti a hedi akhale ouma, opanda oyilo kapena madzi pansi pake, ndipo mabautiwo amangidwe kuyambira pakati kupita kumapeto, m'magawo atatu, kufika pa muyezo wa m'buku, umene pa injini izi uli pafupi ndi 70 Nm. Mavavu a G13A yozizira amachunidwa pa 0.13 mpaka 0.17 mm olowetsa mpweya ndi 0.16 mpaka 0.20 mm otulutsa utsi, ndipo moto umayenda 1-3-4-2. Bauti yapakati ya pule ya crankshaft muisamale kwambiri, chifukwa pa injini za Suzuki za mtundu uwu ikakhwefuka kiyi imadya mpata wake, taiming'i imasuntha, ndipo crankshaft yabwinobwino imawonongeka.

Tsiku loliza, thirani oyilo ndi madzi, siyani mapulagi kunja, pukusani ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime, ndipo mukatero bwezerani mapulagi. Makilomita 1,000 oyamba musaikweze katundu wolemera kapena kuisiya ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali, musinthe oyilo ndi sefa msanga, n'kuchunanso mavavu. Musaiwale kukhetsa oyilo wa mu giyabokosi, transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi madifu onse awiri, pakuti madzi amene analowa mu injini analowanso kumeneko kudzera m'timabowo topumira.

Za injini yakale, ndingakulangizeni kutero pokhapokha amisiri akapeza kuti buloko yang'aluka, kapena kuti masilinda ndi crankshaft zinagayidwa kale mpaka pa malire. Injini za G13 zimene zingapezeke lero zili ndi zaka zambiri ndipo simudziwa mbiri yake, ndiponso zina zinachokera mu Suzuki Swift, momwe injini imakhala chopingasa, kotero mudzafunika kusamutsa sampu, manifodi ndi zina kuchokera ku yanuyi. Mukasankha njira imeneyo, muyeze compression musanalipire, ndipo nambala ya injini yatsopanoyo mukailembetse ku Road Traffic kuti igwirizane ndi ya m'mapepala a galimoto. Mukachotsa hedi ndi kuyeza mapisitoni anayi aja, nditumizireni manambalawo pamodzi ndi a compression, kuti tione ngati konirodi yopindika ndi imodzi kapena ziwiri musanakwere ulendo wa ku Lilongwe.