Chifukwa chake caustic soda amatenthetsa madzi pamene mchere wina umawaziziritsa

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene ndowa imatenthera mukamasungunula caustic soda popanga sopo, pamene mchere wa m'ndiwo suoneka kuti ukusintha kanthu, komanso ngati n'zoona zimene mwana wanu wamva kusukulu kuti ammonium nitrate, amene amapezeka mu feteleza wa CAN, amaziziritsa madzi. Mwanayo sananame, ndipo zonse zitatuzi gwero lake ndi limodzi.

Kambulu kamodzi ka mchere kamapangidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri totchedwa ma ion, tina ta mphamvu ya magetsi ya positive ndi tina ta negative, tokokana mwamphamvu ndipo tondandalikana bwino ngati njerwa za khoma. Kuti mcherewo usungunuke, khomalo liyenera kuphwasulidwa, ndipo ntchito imeneyi imadya mphamvu. Ma ion akangomasuka, mamolekyu a madzi amawazungulira n'kuwakangamira, ndipo pamenepo mphamvu imatuluka ngati kutentha. Chimene dzanja lanu limamva pandowa ndi chotsala mukachotsera zimene zadyedwa pa zimene zatuluka, monga mmene lamulo la katswiri wa sayansi Germain Hess la mu 1840 limatilolera kuwerengera.

Pa mchere wa m'ndiwo mbali ziwirizi zimangotsala pang'ono kufanana. Kuphwasula magalamu 58.5 kumafuna ma kilojoule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 787, pamene madzi amabweza pafupifupi 783, choncho ma kilojoule 4 operewerawo amatengedwa m'madzi momwemo, ndipo lita imodzi imazizira ndi digiri yosakwana imodzi, zimene palibe angazimve ndi chala. Caustic soda ndi wosiyana, chifukwa magalamu 40 okha amatulutsa ma kilojoule pafupifupi 44, okwanira kukweza lita imodzi ndi madigiri oposa 10. Inu opanga sopo mumathira wambiri m'madzi ochepa, n'chifukwa chake ndowa imafika potulutsa nthunzi. Pamenepa ndikumbutse kuti soda ndi amene amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, ndipo poto wa aluminiyamu musamugwiritse ntchito chifukwa soda amamudya. Ammonium nitrate yekhayekha amameza ma kilojoule pafupifupi 26 pa magalamu 80, ndipo wakhala akuikidwa m'timapaketi tozizira timene amaika pabondo la wosewera mpira akavulala.

Koma funso lenileni, limene ophunzira ambiri amalidumpha, ndi lakuti: ngati ammonium nitrate amalanda kutentha m'malo mopereka, amasungunukiranji yekha popanda womukakamiza? Yankho lake ndi entropy, muyeso wa kuchuluka kwa njira zimene tinthu ndi mphamvu zingamwazikire. Ma ion amene anali omangika pamalo amodzi akayamba kuyendayenda m'ndowa yonse, entropy imakwera. Josiah Willard Gibbs wa ku yunivesite ya Yale ku America, m'zaka za m'ma 1870, anasonyeza mmene zinthu ziwirizi, kutentha ndi entropy, zimayezedwera pamodzi, ndipo lero timalemba kuti ΔG = ΔH − TΔS, pamene ΔH ndi kutentha kumene kwamezedwa (kukatuluka imakhala pansi pa ziro), TΔS ndi mbali ya entropy, ndipo ΔG ndi chotsala. Chinthu chimasungunuka mosavuta ΔG ikakhala pansi pa ziro. Pa mchere wa m'ndiwo, mbali ya entropy imafika ma kilojoule pafupifupi 13 pa madigiri 25, ndipo imagonjetsa 4 aja mosavutikira.

Amene amaphunzitsa kuti kusungunuka kumakweza entropy nthawi zonse amalakwitsa, ndipo mwala wa laimu ndi umboni. Calcium carbonate, amene amapanga mwalawu, akasungunuka amatulutsa kutentha pang'ono, komabe mukamuika m'madzi amangokhala pansi, chifukwa ma ion ake, okhala ndi mphamvu ya magetsi yowirikiza kawiri, amagwira mamolekyu a madzi mothina kwambiri moti madziwo amataya ufulu wochuluka kuposa umene ma ion apeza.

Mwana wanu angayese yekha chinthu chimodzi chogwirizana ndi zimenezi. Magalamu 100 a madzi amasungunula mchere wa m'ndiwo magalamu 36 pa madigiri 20, ndipo ngakhale awire amangofika pafupifupi 39, chifukwa ΔH yake ndi yaing'ono. Madzi otentha amafulumizitsa kusungunuka, koma mchere wotsalira pansi pa kapu sudzachepa kwenikweni.