Yankho langa kwa achimwene pa za mtsikana wathu

Achimwene, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kungatalike. Mwafunsa kuti chamulowa n'chiyani mtsikana wathuyu, zaka 13 zokha koma wayamba kudzitsekera kuchipinda, mukamupatsa chochita amangoti "ine sindingathe," chonsecho simumusowetsa kanthu. Zoonadi simumusowetsa, palibe angatsutse. Komatu mwana amadziyeza ndi mawu amene amamva pakhomo tsiku ndi tsiku, kuposa nsapato zomwe mwamugulira.

Musade nkhawa mopitirira. Pa msinkhu umenewu ana ambiri amayamba kudzikayikira, makamaka atsikana, thupi likusintha, maso ali pa anzawo. Kungoti pakhomo pamatha kuchepetsa vutolo kapena kulikulitsa.

Ndinene mosabisa, mundikhululukire. Tsiku lomwe wabweretsa lipoti la kusukulu, chala chanu chimathamangira pomwe walakwa. Maphunziro ena onse wakhoza bwino, inu mwaona masamu okha. Kenako mawu aja, "mkulu wako sankabweretsa zoterezi." Inu mumati mukumulimbikitsa. Iye amamva kuti m'nyumba muno mwana weniweni ndi mkulu wake, iye ndi wongotsatira. Alendo akabwera, nkhani n'kukhala ya ulesi wake, mwini wake ali pomwepo. Mudzamuyang'ane nthawi imeneyo, amamwetulira pang'ono, maso pansi, akutokosa zikhadabo, kenako wazemba. Zimandipweteka, achimwene.

Katswiri wina wa ku America, Stanley Coopersmith, anafufuza anyamata a zaka 10 mpaka 12 ndi amayi awo, zotsatira zinatuluka mu 1967. Anapeza kuti ana odzidalira ankachokera m'mabanja momwe makolo ankawalandira ndi mtima wonse, ankaika malamulo omveka bwino n'kumaonetsetsa kuti akutsatidwa, komanso ankamvetsera maganizo a mwana. Sankawalekerera ayi. Ndiye musamve ngati ndikuti musiye kudzudzula. Dzudzulani chimene wachita. "Sunachape yunifolomu yako" ndi zoti angakonze mawa. Koma "ndiwe waulesi," eee, mwana amangosenza, akonza bwanji?

Ngakhale kuyamikira kumafunika nzeru. Mu 1998 akatswiri ena awiri, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anaona kuti ana ouzidwa "ndiwe wanzeru" ankafooka msanga akakumana ndi ntchito yovuta, kusiyana ndi omwe ankayamikiridwa chifukwa cha khama lawo. Ndiye mumuuze chenicheni chomwe mwaona, "ndaona unakhalira masamu aja mpaka unawapeza."

Palinso za mmene akuluakulu amayankhulirana m'nyumba, chifukwa ana akamamva mikangano nthawi zambiri amadziimba mlandu okha. Zimenezo tikamba patokha.

Sabata ino yesani kumufunsa maganizo pa nkhani yeniyeni ya pakhomo, ngakhale yaing'ono, ndipo mumusiye amalize kuyankhula musanamuwongole. Mumupatse ntchito yoti ikhale yake, akalakwitsa musamulande. Alamu nawo muwauze, mukokere kumodzi. Koma mukaona kuti wasiya kudya, sakugona, kapena akutchula zoti bola kufa, pamenepo musadikire, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Madzulo ano ndikuimbirani, ndipo ngati angalole mudzamupatse foni ndicheze naye pang'ono.