Mwana akufuna kufufuza za AI koma akuphunzira filosofe

Funso: Mwana wanga ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira filosofe. Akuti akufuna kudzakhala mphunzitsi wa ku yunivesite wofufuza mmene AI (luso lopangitsa makompyuta kuchita zinthu ngati oganiza) ikukhudzira moyo wa anthu. Kodi zimenezi si za akatswiri a kompyuta okha?

Yankho: Mayi, mwana wanu sanasochere. Ofufuza a nkhaniyi amachokera ku filosofe, malamulo, sayansi ya chikhalidwe cha anthu komanso kompyuta. Chofunika n'chakuti azike mizu m'phunziro limodzi, kenaka aphunzire mbali inayo. Kwa iye ndiye kuti aphunzire masamu a chiwerengero ndi Python (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta) yoyambira, mpaka afike podziwa mmene makinawa amaphunzitsidwira ndi deta. Amene salidziwa gawo limeneli amangolemba zamantha, ndipo anzake a kompyuta samumvera.

Aone chitsanzo cha kafukufuku wa Gender Shades wa 2018, wa Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru. Iwo anayesa mapulogalamu 3 ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi, n'kupeza kuti ankalakwitsa mpaka 34.7 peresenti pa amayi akuda kwambiri, pamene pa abambo oyera sankapitirira 0.8 peresenti. Funso linali laling'ono, loyezeka, ndipo linagwedeza makampani aakulu. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera: amalemba pempho la kafukufuku lonena za "AI mu Africa" yense, lopanda malire. Asankhe chinthu chimodzi, monga mapulogalamu obwereketsa ndalama pafoni ndi mmene amasankhira woyenera ngongole, n'kuchiyeza ndi lamulo la Malawi loteteza deta la 2024.

Akamaliza digiri yoyamba, pakufunika masitazi, kenaka PhD ya zaka 3 kapena 4. Ku Britain, mayunivesite a Cambridge ndi Edinburgh komanso Oxford Internet Institute ali ndi maphunziro a mbali imeneyi. Thandizo la boma la Britain lotchedwa Chevening limalipirira masitazi ya chaka chimodzi, koma limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka 2, choncho asadandaule akayamba wagwira kaye ntchito. Alowenso m'gulu la Masakhane, lofufuza za AI m'zinenero za mu Africa, ndipo azitsatira misonkhano ya akatswiri a AI a mu Africa yotchedwa Deep Learning Indaba, chifukwa woyang'anira kafukufuku amapezeka kumeneko.

Chimene tikufuna mudziwiretu monga kholo n'chakuti akamaliza PhD, ntchito zoyamba zimakhala za kontirakiti ya chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo yokhazikika imabwera akasindikiza zolemba m'magazini a akatswiri. N'chifukwa chake kafukufuku wake wa chaka chachinayi aulembe moti adzathe kuutumiza kuti usindikizidwe, ndipo ngati adzafunsa anthu mafunso, atenge kaye chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku ya pasukulu yake.