Kukwirira mpweya woipa ku Leandra: adzalipira ndani, adzayang'anira ndani?

Achimwene ena okhala ku Rosettenville, amene amagwira ntchito yowotcherera mapaipi ku Mpumalanga, anditumizira imelo. Akuti: "Kuntchito kukumveka zoti boma lapeza njira yokwirira mpweya woipa pansi pa nthaka ku Leandra, ndiye malasha sathanso ndipo ntchito zathu zikhalapobe. Ndi zoona, kapena ndi ndale chabe?"

Zikomo achimwene. Njirayo ilipodi. Mpweya wa carbon dioxide amaugwira usanatuluke pa chumuni, n'kuupanikiza mpaka ukhale ngati madzi, kenako amaupopera m'miyala ya pansi, kuya kopitirira mamita 800. Dziko la Norway lakhala likuchita zimenezi ku Sleipner, pansi pa nyanja, kuyambira 1996. Koma muone chimene chinawakankha: mu 1991 boma lawo linaika msonkho wowawa pa mpweyawu, ndiye kampani inawerengera n'kuona kuti kukwirira n'kotchipa kuposa kulipira. Sichinali chifundo ayi.

Kuno ku South Africa msonkho wotere unayamba mu 2019 pa R120 pa tani imodzi, koma unabwera ndi zochotsera zofika 95 peresenti, moti makampani ena ankangolipira R6 pa tani. Mtengowo wakhala ukukwera chaka ndi chaka, komabe uli kutali ndi ndalama zimene zimalowa pogwira, kunyamula ndi kukwirira tani imodzi. Ku America boma linachita kulonjeza madola 85 pa tani mu 2022 kuti makampani agwedezeke. Ndiye mwini fakitale wa kuno, amene amadziwa masamu, angathamangirenji?

Kukula kwa vutoli nakonso kumandichititsa kukayika. Fakitale ya Sasol ku Secunda, imene imasandutsa malasha kukhala mafuta, imatulutsa matani opitirira 50 miliyoni pa chaka. Mukaphatikiza malo onse ogwira mpweyawu pa dziko lonse lapansi, mphamvu yake ili cha pomwepo. Fakitale imodzi yokha! Tisanawerengere n'komwe malo opangira magetsi ndi malasha a Eskom monga Kendal, Matla, Kusile ndi anzake. Pomwe za ku Leandra, tauni ya ku Mpumalanga komweko, n'zoyeserera: bungwe la Council for Geoscience, ndi thandizo la World Bank, linaboola chitsime chofufuzira miyala, ndipo mpweya umene akufuna kuyesa nawo ndi matani masauzande chabe. Kafukufuku wa 2010 anapeza kuti dziko lino lingasunge matani pafupifupi 150 biliyoni, koma 98 peresenti ya malowo ili pansi pa nyanja, kutali kwambiri ndi kumene malasha amawotchedwa.

Ndisanyoze zonse. Ku Leandra akuyang'ana miyala imene inachokera ku chiphalaphala, ndipo ku Iceland anaonetsa kuti mpweya ukalowa m'miyala ya mtundu wa basalt umasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri. Komanso gawo lalikulu la mpweya wa ku Secunda limatuluka losasakanikirana kwambiri, choncho kuligwira n'kosavuta kusiyana ndi utsi wa Eskom. Ngati pali malo amene njirayi ingagwire kuno, ndi amenewo.

Ndale mwafunsazo zilipo, ndipo sizibisika. A Gwede Mantashe, amene anakakhazikitsa malo a ku Leandra mu 2024 ali nduna ya za migodi, anatulukira ku bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM, ndipo sabisa kuti safuna malasha atayidwe mothamanga. Ali ndi mfundo: malo opangira magetsi a Komati atazimitsidwa mu 2022, anthu a kumeneko anatsala m'madzi, ngakhale kuti mayiko olemera anali atalonjeza madola 8.5 biliyoni ku Glasgow mu 2021 oti athandize dziko lino kuchoka pa malasha. America inadzatulukamo mu 2025. Mbali inayi kuli omenyera za chilengedwe, amene amati kukwirira mpweya ndi nyimbo yogonekera mwana: bola anthu akhale chete kwa zaka zina khumi malasha akuyakabe. Iwonso ali ndi mfundo, makamaka poti chimene chimakhosomoletsa ana ku eMbalenhle ndi ku eMalahleni si carbon dioxide, ndi sulfur ndi fumbi la utsi. Khoti la ku Pretoria linagamula mu 2022 kuti mpweya wa ku Highveld, dera limene kuli matauni amenewa, ukuphwanya ufulu wa anthu.

Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa si chimenecho. Mpweya ukakwiriridwa uyenera kukhala pansipo zaka mazana ambiri. Kampani sikhala zaka zimenezo. Ikagwa, kapena ikagulitsidwa, adzayeze zitsimezo ndani? Ukayamba kutuluka n'kulowa m'madzi a pa famu ya munthu, mlandu ndi wa ndani? Mipata ya m'miyala ya pansiyo mwini wake ndani, boma kapena mwini malo? Ku Ulaya anakonza lamulo mu 2009 loti kampani iyang'anire malowo zaka zosachepera 20 itatseka, isiyenso ndalama, boma lisanatenge udindo. Kuno lamulo la za kusintha kwa nyengo linasainidwa mu 2024, koma lamulo lapadera loyankha mafunso amenewa silinabwere.

Ndipo ife okhala mu Joni sitifunika kuuzidwa za zinthu zosiyidwa pansi. Mukamadutsa pa M2 kapena kulowera ku Soweto mumaona milu yachikasu ija. Golide anapita, eni ake ambiri anapita, fumbi linatsalira ife. Mu 2002 madzi a asidi anayamba kusefukira kuchokera m'migodi yakale cha ku Krugersdorp, ndipo boma ndi limene likulipira zowapopa ndi kuwayeretsa. Migodi yosiyidwa, yopanda mwini, ilipo pafupifupi 6,000 m'dziko lino. Agogo athu amene anabwera pa Wenela ndi pa Teba anabwerera kumudzi ndi fumbi m'mapapo, ndipo mgwirizano wa chipukuta misozi wa R5 biliyoni khoti linauvomereza mu 2019, ambiri atagona kale. Boma limene lalephera kutseka maenje ooneka ndi maso likamati lidzayang'anira mpweya wosaoneka, ine ndimafuna ndione kaye ndalama zake zili mu thumba liti, ndipo zasainidwa ndi ndani.

Inu owotcherera mukudziwa kundiposa kuti paipi imaphulika. Ku Satartia, ku Mississippi, paipi ya mpweyawu inang'ambika mu 2020 ndipo anthu oposa 40 anathamangira nawo kuchipatala. Mpweyawu ndi wolemera, umakhazikika m'malo otsika, ndipo galimoto zina zinazima chifukwa injini zinasowa mpweya wabwino.

Za ntchito yanu, achimwene, musawerengere Leandra. Malasha akhalapobe zaka zingapo, koma chifukwa chake n'chakuti Eskom sinapeze chokwanira cholowa m'malo mwake, osati chifukwa cha chitsime chimodzi chofufuzira. Mapepala anu a uwotcherera akhale m'malo, ndipo muzitchera khutu kumene kukumangidwa nthambo zikuluzikulu za magetsi ndi minda ya sola. Kumenekonso akufuna anthu odziwa chitsulo.